Bere lodzaza limasiya kupanga mkaka: mmene mungasungire mkaka wanu kuti usaphwe

Amayi anzanga, pali cholakwika chimodzi chomwe ine ndinachita pa mwana wanga woyamba ndipo ndikuona ambiri akuchichitabe, kusungira mkaka m'bere. Tchuthi chobereka chitatha, paja lamulo la ntchito kuno ku Malawi limangopereka masabata 8 basi, ndinabwerera kuntchito nde mmutu mwangamu ndinkati ndikakhala osakama tsiku lonse madzulo ndikafika mawere ali odzaza, mwana akakhuta bwino. Sabata yoyamba zinkaoneka ngati zikuyenda, ndinkafika kunyumba bulauzi itanyowa, mawere ali gwa ngati miyala. Pofika sabata yachitatu bulauzi yasiya kunyowa, mwana akuyamwa kwinaku akulira ndi kumenya bere. Apongozi anati ndimwe thobwa, azakhali anati chinangwa chachiwisi, ndinamwa thobwa mpaka kuyamba kudana nalo koma mkaka osabwerera. Vuto silinali mmimba mwanga ayi, ndinali nditalizimitsa ndekha berelo osadziwa.

Musanayambe kutsatira ndondomeko iliyonse mvetsani kaye zomwe zimachitika mkatimo, chifukwa mukazimvetsa zina zonse muzizipanga nokha osafunsa munthu.

Mkati mwa bere muli timatumba ting'onoting'ono tambirimbiri tokhala mmagulu ngati phava la nthochi, ndipo khoma la kathumba kalikonse ndi maselo omwe amatenga madzi, shuga, mafuta ndi zina kuchokera mmagazi nkupanga mkaka. Mahomoni, timadzi ta mthupi tonyamula uthenga kupita ku ziwalo, alipo awiri omwe timamva kwambiri kusikelo. Prolactin amachokera ku kachiwalo kena pansi pa ubongo, ndi amene amauza maselo aja kuti pangani mkaka komanso kuti khalanibe ndi moyo. Oxytocin amafinya timatumbato kuti mkaka utsike, kuja mumamva bere likuchita nyerenyere mwana akangolira. Koma mahomoniwa amayenda mmagazi, amafika kumawere onse awiri mofanana, nde funso ndi lakuti nanga bwanji bere lomwe mwana amalikonda limakula ndi kutulutsa wambiri pomwe linalo limafota? Magazi ndi omwewo, thobwa ndi lomwelo.

Yankho linapezeka pa mbuzi. Mu 1971 ku England akatswiri awiri, Linzell ndi Peaker, ankakama bere limodzi la mbuzi ola lililonse, linalo kumalikama mwa masiku onse. Bere lokamidwa pafupipafupi lokhalo ndi lomwe linawonjezera mkaka. Anthu anati mwina nkupanikizika chabe, bere likadzaza limafufuma nde maselo amapanikizika. Mu 1984 Henderson ndi Peaker anayesa zimenezo, akakama mkaka ankabwezeramo madzi a shuga ochuluka mofanana kuti bere likhalebe lofufuma, koma mkaka unawonjezekabe. Kutanthauza kuti mu mkaka mwenimwenimo muli kanthu kouza maselo kuti lekezani pomwepo, kwadzaza. Mu 1995 Colin Wilde ndi anzake a ku Hannah Research Institute ku Ayr, Scotland, ananena kuti kanthuko ndi kapuloteni kena kakang'ono ndipo anakatcha FIL. Kenako mu 2004 gulu la Nelson Horseman ku University of Cincinnati linaonetsa kuti maselo a bere amapanganso serotonin, yemwe uja timamumva pa nkhani za ubongo, ndipo akachuluka chifukwa choti mkaka wakhalitsa amachepetsa kapangidwe ka mkaka, ndipo mu 2007 gulu lomwelo linaonetsanso kuti amamasula malumikizidwe a pakati pa maselo. Akatswiri amatsutsanabe kuti wamkulu ndi uti pa zinthu zimenezi, mwina zimathandizana, koma onse amagwirizana pa mfundo imodzi, mkaka wotsala m'bere ndi uthenga woti fakitale ichepetse ntchito.

Ndipo sizithera pa kuchepetsa pokha. Mkaka ukakhalitsa maselo aja amayamba kufa, amadzipha okha mwadongosolo. Izi anazionera bwino pa mbewa, za mu labu osati zapandodo zogulitsa mmbali mwa msewu wa M1 zija kkkk. Akamata nsonga ya bere limodzi kuti mkaka usatuluke, ana nkumayamwa mawere enawo, maselo a bere lomatidwa lokhalo amayamba kufa ngakhale mahomoni ali tho mmagazi. Pa mbewa, mkati mwa maola 48 oyamba zinthu zimatheka kubwerera, ana akayambanso kuyamwa mkaka umayambiranso. Kupitirira apo timatumba timagumuka, mafuta nkulowa mmalo mwake. Kwa ife anthu zimatenga nthawi yaitali, masabata, nchifukwa chake mpata wokonza zinthu timakhala nawo, koma njira yake ndi yomweyo.

Yomwe inandisangalatsa ine ndi ya nyama ina ya mnyanja ya mchere ku gombe la South Africa ndi Namibia, Cape fur seal, ili ngati katumbu wamkulu. Mayi wake amasiya mwana kumtunda nkupita kukasaka nsomba mwina mpaka masabata atatu, akabwera amayamwitsa bwinobwino bere osafota. Mu 2008 akatswiri a ku Australia anaonetsa kuti mkaka wa nyama imeneyi ulibe puloteni yotchedwa alpha-lactalbumin, yomwe mu mkaka wathu ilimo yambiri ndipo imathandiza kupanga shuga wa mu mkaka, ndipo ataika puloteniyo pa maselo a bere mu labu maselowo ankafa. Ife si akatumbu achemwali, tikachoka tsiku lathunthu osakama bere limawerenga kuti mwana wakula kapena kulibe.

Nde tiyeni ku zochita.

Masiku oyamba

Mwana akangobadwa mpatseni bere mkati mwa ola loyamba, ali pachifuwa panu khungu kukhudzana ndi khungu. Mkaka woyamba wachikasu uja umatuluka pang'ono, timadontho, ndipo apa ndi pomwe agogo ena amayamba kunena kuti mayi alibe mkaka kapena kuti ndi woipa ufinyidwe utayidwe. Musalole. Kamimba ka mwana wa tsiku limodzi kamadzaza ndi supuni yaing'ono kapena ziwiri, ndipo mkaka wachikasuwo ndi womwe uli ndi chitetezo chambiri. Mkaka wambiri umabwera pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, ena lachinayi, ndipo chomwe chimautsegula ndi kutuluka kwa nsengwa, chifukwa nsengwa ndi yomwe imapanga homoni ya progesterone yomwe imagwira mabuleki nthawi yonse ya pakati. Gawo limeneli limachitika lokha kaya mwayamwitsa kaya ayi. Koma likangodutsa ulamuliro umachoka ku mahomoni nkupita ku bere lenilenilo, kuyambira pamenepo womwe watuluka ndi womwe umapangidwanso. Ngati padutsa masiku anayi kapena asanu mawere osasintha nkomwe, makamaka ngati mukutayabe magazi ambiri, bwererani kuchipatala msanga chifukwa kachidutswa ka nsengwa kotsalira kamatha kutsekereza mkaka komanso nkoopsa kwa inu.

Masabata oyambawa yamwitsani ka 8 mpaka ka 12 pa maola 24, usana ndi usiku, osayang'ana wotchi, yang'anani mwana. Akayamba kutembenuza mutu, kunyambita milomo, kuika chibakera mkamwa, nthawi yakwana, kulira ndi chizindikiro chomaliza. Mwana wogonetsa amene wadutsa maola atatu osayamwa mmasabata oyambawa mudzutseni. Anthu amati mwana wofatsa uyu sakuvutitsani, koma bere likudikira ndipo likuwerenga.

Kagwiridwe ka bere

Apa ndipomwe ambiri timataya mkaka osadziwa. Mwana akhoza kukhala pabere ola lathunthu koma osatulutsa kanthu ngati wangogwira kansonga kokha, bere limatsala lodzaza, uthenga uja woti lekezani nkumapitabe ngakhale inu mukuti ndikuyamwitsa tsiku lonse. Mimba yake ikhudze mimba yanu, mutu ndi thupi zikhale mzere umodzi asachite kupotoza khosi. Gunditsani nsonga ya bere pa mlomo wake wammwamba, dikirani ayasamule kwambiri ngati akufuna kumeza dzira, kenako mukokereni kwa inu msanga, mwanayo apite ku bere osati inu kuwerama kumutsatira. Mukayang'ana chibwano chikhale chitagunda bere, mlomo wammunsi utapindikira kunja, ndipo chakuda chozungulira nsonga chija chizioneka kwambiri pamwamba pa kamwa kuposa pansi. Muzimva akumeza, kukoka pang'onopang'ono mozama nkupuma. Ngati mukumva kuwawa kuyamwa konse, kapena nsonga ikutuluka itaphwatalala ngati yatsinidwa, lowetsani chala chaching'ono choyera pakona ya kamwa, mchotseni muyambirenso. Osapirira ayi, kupirira ndi komwe kumabweretsa zilonda.

Msiyeni amalize bere limodzi mpaka alisiye yekha kenako mpatseni linalo, ulendo wotsatira yambirani komwe munamalizira. Bere likamapepuka mkaka umanka nukhala wamafuta ambiri, nde mukamasinthasintha pa mphindi ziwiri zilizonse mwana amangomwa wamadzimadzi wakutsogolo ndipo palibe bere lomwe likupepuka mokwanira.

Pali chinthu china chomwe chimasokoneza amayi tikamayerekezana. Gulu la Peter Hartmann ku Perth, Australia, linayeza kuchuluka kwa mkaka womwe bere limatha kusunga nthawi imodzi, anapeza kuti timasiyana kwambiri, ena osafika 100 ml ena kupitirira 500 ml, ndipo kukula kwa bere poliona sikunena zambiri chifukwa kukula kwambiri ndi mafuta. Pa tsiku lonse onsewa amatha kupanga mkaka wokwanira, mwana wa pakati pa mwezi umodzi ndi miyezi 6 amamwa cha mma 750 ml patsiku, kusiyana kwake nkwakuti wa kathanki kakang'ono amadzaza msanga nde ayenera kuyamwitsa pafupipafupi. Mnzanu akamanyadira kuti wake amayamwa kanayi kokha patsiku musatengere, thanki yake si yanu. Anapezanso kuti bere limapanga mkaka mothamanga likakhala lopepuka, likamadzaza liwiro limatsika, zomwe zija za mbuzi.

Usiku musamauphonye. Prolactin amakwera kwambiri usiku, ndipo usiku ndi nthawi yaitali yomwe bere lingakhale osakhudzidwa. Ndikudziwa kutopa kwake, ine ndinkagona pa desiki nthawi ya lanchi, koma kwa mayi wapantchito kuyamwitsa kwa usiku ndi mbandakucha ndi komwe kumasunga mkaka. Ambiri timathamangira kupereka botolo la mkaka wa mchitini usiku kuti mwana agone nthawi yaitali, botolo limodzi lokhalo, koma botolo limenelo ndi ulendo umodzi womwe bere silinatulutse, mawa lipanga wochepa, mwana sakhuta, muwonjezera botolo lachiwiri, mwezi usanathe muli pa chitini chokhachokha ndipo mitengo yake mukuidziwa. Chimodzimodzi madzi ndi phala lamadzimadzi lija agogo amafuna kuyambitsa pa miyezi iwiri. Mkaka wa mmawere pafupifupi 87 pa 100 ndi madzi, ngakhale mu Okutobala ku Nsanje mwana wosakwana miyezi 6 safunika madzi ena, akamva ludzu mpatseni bere.

Mukabwerera kuntchito, kumsika kapena kusukulu

Lamulo lake ndi limodzi, nthawi yomwe mwana akanayamwa inu kamani. Maola atatu kapena anayi asadutse. Yambani kuphunzira kukama masabata awiri musanabwerere kuntchito, chifukwa masiku oyamba mumatuluka timadontho tokhumudwitsa ndipo si bwino kukaphunzirira ku ofesi muli ndi mantha kuti abwana akufunani. Pampu si yofunika kwenikweni, manja amakwanira.

Sambani mmanja ndi sopo. Konzani kapu yakukamwa kwakukulu kapena kabotolo kokhala ndi chotsekera, mutatsuka ndi kuthiramo madzi owira. Khalani pansi mtima ukhale mmalo, sisitani bere pang'onopang'ono kuchokera kuchifuwa kupita kunsonga, ena zimawathandiza kuyang'ana chithunzi cha mwana pa foni kapena kununkhiza kamalaya kake, musaseke zimagwiradi ntchito chifukwa oxytocin amamvera maganizo, mukakhala ndi mantha kapena manyazi amakana kutuluka. Ikani chala chachikulu pamwamba ndi cholozera pansi, kumapeto kwa chakuda chija, pafupifupi masentimita awiri kapena atatu kuchoka pa nsonga. Kankhirani zalazo mkati cha kuchifuwa, kenako finyani kuti zala ziyandikane, masulani, bwerezani. Osakoka nsonga, osatsetsereka zala pakhungu, sizifunika kuwawa. Ukasiya kutuluka sunthani zala mozungulira kuti mufike timatumba ta mbali zonse. Bere limodzi mphindi 3 mpaka 5, pitani linalo, bwereraninso, zonse pamodzi mphindi 20 kapena 30.

Mkaka wokama umakhala bwino maola 4 pamalo ozizira mnyumba, mufiliji masiku 4, ikani mkati kumbuyo osati pachitseko, ndipo ndi kuzimazima kwa magetsi kuno ine sindinkaufikitsa masiku anayiwo. Ngati kuntchito kulibe filiji kachikwama kozizira kokhala ndi ayezi kamathandiza. Ndipo ngati palibiretu njira yosungira, kamanibe mutaye. Zimapweteka mtima kuona mkaka ukupita mu sinki koma cholinga choyamba nkuchotsa uthenga uja m'bere. Wolera mwana amupatse ndi kapu kapena supuni, atautenthetsa poika kabotolo mmadzi ofunda, osauwiritsa pamoto. Ukakhala umapatukana, mafuta pamwamba madzi pansi, sunawonongeke, ingozunguzani pang'ono. Muuzenso kuti asamukhutitse inu mutatsala pang'ono kufika, mufike mwana ali ndi njala mawere apepuke. Loweruka ndi Lamulungu botolo ndi kapu zipume, bere lokhalokha.

Za malo okamira, kunena zoona maofesi ambiri alibe, ine ndinkakamira mu stoo ya mafayilo nditatsamira chitseko. Pemphani poyera, musachite manyazi, mphindi 20 kawiri patsiku si zambiri.

Nkhani ya mkaka wosasa

Mwina munamvapo kuti mayi akachoka tsiku lonse, kumaliro kapena kuulendo, mkaka wa m'bere umasasa nde afinye ataye asanayamwitse. Mkaka suwola m'bere, si mkaka wa mu jagi. Mukafika sambani mmanja mpatseni mwana, ndi yemwe angalipepule bwino kuposa zala zanu. Koma agogo sananame zonse, pali pomwe anaonera. Mkaka ukakhalitsa kwambiri kapena bere likatupa, malumikizidwe a pakati pa maselo aja amamasuka, mchere wa mmagazi umalowa mu mkaka shuga nkuchepa, nde umamveka wamcherechere ndipo mwana amatha kuukana. Si poizoni, ukayamba kutuluka bwino kukoma kumabwerera pakapita masiku.

Bere likalimba kapena kutupa

Likadzaza mpaka kulimba mwana amalephera kuligwira, zili ngati kuluma mpira wopopa kwambiri. Kanikizani ndi nsonga za zala mozungulira nsonga ya bere kwa mphindi imodzi kuti pafewe, kapena kamani pang'ono, kenako mpatseni. Mukamaliza ikani kansalu konyowa ndi madzi ozizira. Osalikanda mwamphamvu ngati mukukanda ufa wa mandasi, mkatimo mwatupa kale ndipo mukuwonjezera kuvulala. Bra yothina ivuleni.

Pakakhala malo amodzi ofiira, otentha, owawa, inu nkumamva kuzizidwa ndi kuphwanya thupi ngati malungo, pitirizani kuyamwitsa mwa nthawi zonse ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo kapena mawa lake mmawa, musadikire kuti chiphulike chokha. Kusiya kuyamwitsa bere lotupa ndi komwe kumabweretsa chithupsa. Komanso musapitirire mbali inayo, kumalikama ola lililonse kuti liume, chifukwa mukudziwa tsopano kuti mukatulutsa wambiri lipanga wambiri pamalo potupa kale. Amayi omwe muli pa ma ARV, kuyambira 2011 pomwe Malawi inayambitsa Option B+, ndondomeko yopereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa yemwe ali ndi HIV, malangizo ndi akuti muziyamwitsa kwinaku mukumwa mankhwala tsiku lililonse osadumphitsa, koma bere likatupa chonchi kapena nsonga ikang'ambika nkumatuluka magazi, mwana ayamwe bere labwinolo, lodwalalo muzikama ndi kutaya mpaka lipole, ndipo akuchipatala adziwe.

Mukaona ngati mkaka wachepa

Choyamba onetsetsani kuti wachepadi. Pakatha masabata 6 mpaka miyezi itatu mawere amasiya kulimba ndi kudontha, amafewa, amayi ambiri amachita mantha apa pomwe kwenikweni bere langophunzira mlingo wa mwana. Mwana kufuna bere pafupipafupi madzulo nkwachibadwa. Zomwe mukama si muyeso, mwana amatulutsa wambiri kuposa zala. Muyeso weniweni ndi matewera ndi sikelo, akodze kosachepera ka 6 patsiku mkodzo woyera, ndipo mzere wa mbuku lake lakuchipatala uzikwera. Ngati mkodzo ndi wochepa wachikasu kwambiri, mwana ali lefu, liwombo lalowa, musayambe zoyesayesa kunyumba, thamangani kuchipatala.

Ngati wachepadi koma mwana ali bwino, dzipatseni masiku atatu kapena anayi ochita chinthu chimodzi chokha. Ine ndinapempha Lachisanu, ndinakhala pamphasa ndi mwana mpaka Lamulungu, iye thewera lokha ine chifuwa pamtunda nditafunda chitenje, bere maola awiri aliwonse, mawere onse awiri ulendo uliwonse, akayamba kuwodzera ndikufinya bere pang'ono kuti mkaka uthamange ayambirenso kumeza, akamaliza ndikukamanso mphindi zisanu ngakhale mukutuluka madontho okha. Madontho amenewo musawanyoze, bere lopanda kanthu ndi lomwe likulandira uthenga woti wonjezerani. Nsima ankaphika ndi abambo ake, yamadzimadzi koma tinadya. Kusintha ndinakuona cha tsiku lachinayi, kubwereratu bwinobwino kunatenga pafupifupi masabata awiri. Ngati munayamba kale mkaka wa mchitini musausiye kamodzinkamodzi mwana angafooke, chepetsani pang'onopang'ono uku mukuyang'ana matewera ndi sikelo, ndipo ndi bwino anamwino kapena alangizi a zaumoyo akuyendereni limodzi.

Nanga thobwa? Imwani, ndi chakudya chabwino, mayi woyamwitsa amafunika kudya mowonjezera ndi kumwa akamva ludzu, phala lansinjiro, nyemba, usipa, masamba, zonsezo zikupatsani mphamvu inuyo. Kungoti thobwa silingalankhule ndi maselo omwe mkaka wotsala ukuwauza kuti gonani. Chinangwa chachiwisi samalani nacho, chowawa chija chili ndi poizoni. Onaninso mankhwala omwe mukumwa, mapiritsi olera okhala ndi estrogen amatha kuchepetsa mkaka, mukapita kukatenga njira yolera nenani kuti mukuyamwitsa akupatseni yoyenera, ndipo mankhwala ena a chimfine okhala ndi pseudoephedrine nawonso amaumitsa. Ndipo ngati mwachita zonse mkaka nkumangotsikabe, yezetsani mimba. Mukatumbiza mahomoni a pakati amabwezeretsa mabuleki aja, apa kukama pafupipafupi sikuthandiza kwenikweni, ngakhale kuyamwitsa muli oyembekezera pakokha sikumupatsa mwana matenda monga timamvera kumudzi.

Ngakhale mayi amene anasiyiratu masabata angapo, mwina anagonekedwa mchipatala, amatha kuyambiranso, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa kabuku konse ka nkhani imeneyi mu 1998. Njira yake ndi yomweyi, mwana pabere ka 8 mpaka ka 10 kapena kupitirira patsiku, kwinaku akulandira mkaka wina ndi kapu kapena kudzera mu kachubu kakang'ono komatidwa pa bere kuti asakhumudwe ndi bere louma. Mwana akakhala wamng'ono komanso nthawi yosiya ikakhala yochepa zimafulumira.

Nthawi yoletsa kuyamwa ikakwana

Malangizo ndi bere lokha miyezi 6, kenako bere ndi zakudya zina mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Ikafika nthawi, mfundo yomwe ija muigwiritse mobwerera. Alimi a ng'ombe zamkaka ku Thyolo ndi Bvumbwe amaidziwa bwino, ng'ombe ikatsala miyezi iwiri kuti ibereke amasiya kuikama kuti bere liume lipume, maselo akale achoke atsopano akonzekere. Ife tisachite mwadzidzidzi chonchi. Njira yathu ija yopaka tsabola pansonga kapena kutumiza mwana kwa agogo sabata yathunthu imamusiya mwana akulira uko, mayi ali kuno mawere ali ngati maungu akulephera kukweza manja, ena mpaka chithupsa. Chotsani ulendo umodzi, yambani ndi womwe mwana saulabadira kwambiri, nthawi zambiri wamasana, dikirani masiku atatu kapena anayi bere lizolowere, chotsani wina. Wogonera usiku ukhale womaliza, ndipo pamenepo abambo ake kapena azakhali ndi omwe azimugoneka. Likalimba kamani pang'ono pokha kuti ululu uchoke, musalipepule lonse, mkaka wotsalawo ndi womwe ukugwira ntchito yozimitsa. Kumanga mawere ndi chitenje mothina sikufulumizitsa kanthu, kumangowawa. Mukafinya pakatha miyezi ingapo nkuona kadontho koyera musadabwe, zimachitika, ingosiyani kufinyafinya kuti muone ngati ulipobe. Koma chotuluka chikakhala cha magazi, kapena mwapeza chotupa chomwe sichikuchoka patatha masabata awiri mutasiya kuyamwitsa, pitani akakuoneni.